Kujambula pansi pa nyanja ku Cape Town: kuzizira, kelp ndi kamera yochita nthunzi

Wakuchembe:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Satifiketi yanga ya Open Water, yoyambira ya kusambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya, ndi ya ku Nyanja ya Malawi, madzi ofunda opanda mchere, koma tsopano ndikufuna kuyamba kulowa m'nyanja ya kuno ku Cape Town ndi kamera. Munthu wozolowera ku Cape Maclear asinthe chiyani? Ndipo ndigule kamera yanji? Ndalama ndi zochepa.

aPhiri_FishHoek:
Achimwene, za kamera zidikire kaye. Ku Cape Maclear madzi amakhala pakati pa madigiri 23 ndi 28. Kuno mbali ya Atlantic, ku Oudekraal ndi Hout Bay, amatsika mpaka 8 kapena 10, ndipo ku False Bay nthawi zambiri amakhala pakati pa 12 ndi 18. Madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kuposa mpweya nthawi zoposa 20. Munthu amene akunjenjemera sangagwire kamera chilili, zala zake sizimva mabatani, ndipo mpweya wa m'silinda amaumaliza msanga. Choncho ndalama yoyamba ipite ku suti.

Chochepetsetsa ndi wetsuit (suti ya mphira yofunditsa thupi m'madzi) yokhuthala 7 mm, kapena ya 5 mm ya zigawo ziwiri kuti pachifuwa pakhale 10 mm. Hood ya 5 mm kapena 7 mm siyosiya, nsapato za 5 mm, magolovesi. Koma kukhuthala pakokha sikokwanira. Suti iyenera kumamatira thupi. Ikakhala yotayirira pakhosi, m'khwapa kapena kumsana, madzi ozizira amangolowa ndi kutuluka nthawi iliyonse mukatambasula mkono, ndiye suti ya 7 mm yotayirira imaposedwa ndi ya 5 mm yokukwanani bwino.

NaBanda:
Ndiwonjezere za mtovu umene timanyamula kuti timire, chifukwa apa ndi pamene anthu ochokera ku madzi opanda mchere amasokonezeka. Madzi a m'nyanja ya mchere ndi olemera ndi 2.5 peresenti, ndiye amakukankhirani m'mwamba kwambiri. Ngati inu pamodzi ndi zida zonse mukulemera makilogalamu 100, muwonjezere mtovu wa makilogalamu 2.5 chifukwa cha mchere wokha. Kenako suti yokhuthala ija imafunanso wake, ndipo si zachilendo kuona munthu wa 7 mm atanyamula makilogalamu 8 mpaka 12.

Musangotengera nambala ya mnzanu. Yesani kumapeto kwa dive, silinda itatsala ndi 50 bar: tulutsani mpweya wonse mu BCD (jekete yothiramo mpweya kuti muyandame), muone ngati mungakhazikike pa mamita 5 osayandama komanso osapalasa. Mpweya wa mu silinda ya malita 12 yodzaza 200 bar umalemera pafupifupi makilogalamu atatu, ndiye mukamatsiriza mumakhala mutapepuka ndi makilogalamu awiri ndi kanthu. Amene amayesa mtovu silinda ili yodzaza ndi amene amathawira pamwamba pa safety stop, kuima kuja pa mamita 5 musanatuluke.

Chinanso, neoprene, mphira wa sutiyo, ili ndi timathovu ta mpweya m'kati, ndipo timafinyika mukamatsika. Pa mamita 20 suti ija yapyapyala, siikufunditsaninso ngati pamwamba, ndipo mwalemera. Mumathira mpweya mu BCD kuti mubwezere. Pokwera mpweya womwewo umafufuma, suti nayo imafufuma, zonse pamodzi. Mamita 10 omalizira ndi amene amafuna dzanja likhale pa valavu yotulutsira mpweya.

Wakuchembe:
Zikomo achemwali. Nanga drysuit? Ndimaona ojambula ambiri akuvala imeneyo.

Malume_Strobe:
Amavala chifukwa wojambula sayendayenda. Wosambira wamba amapalasa, thupi limatentha. Wojambula amatha mphindi khumi ali pamwala umodzi kudikira kansomba katembenuke, ndipo kuzizira kumamupeza pomwepo. Drysuit imasunga mpweya pakati pa thupi ndi madzi, chofunditsa chenicheni ndi chovala cham'kati. Cham'katicho chisakhale cha thonje, thonje likanyowa ndi thukuta limaziziritsa.

Koma musaigule n'kungolowa nayo, pangani kosi yake. Zolakwika zake ndi zodziwika. Mukatsika osathira mpweya, suti imakufinyani mpaka kusiya mikwingwirima pakhungu. Mukathira wambiri n'kuweramitsa mutu kuti mujambule chinthu cha pansi, mpweya wonse umathamangira kumapazi, pomwe valavu yotulutsira ili paphewa lakumanzere. Mumayamba kukwera miyendo ili m'mwamba, nthawi zina zipsepse n'kuvuka. Njira yake ndi kupinda mawondo, kugudubuka kuti phewa likhale pamwamba, n'kutulutsa mpweya. Zimenezi zimaphunziridwa pamadzi osaya, popanda kamera m'manja.

aPhiri_FishHoek:
Ine apa ndisiyana nanu pang'ono malume. Kwa munthu woyamba amene akulowa ku False Bay mamita 8 mpaka 15, semi-dry (wetsuit yothina m'khosi, m'mikono ndi m'miyendo kuti madzi azilowa ochepa) ya 7 mm imakwana mphindi 45 bwinobwino, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Drysuit ndi ya munthu amene akufuna ma dive awiri pa tsiku ku Atlantic. Ndalama yotsalayo agulire strobe, fulashi yapadera ya pansi pa madzi.

Malume_Strobe:
Dive yoyamba inde. Yachiwiri, kuvalanso suti yonyowa mphepo ikuwomba pa Miller's Point, ambiri amangolongedza n'kubwerera kunyumba. Koma pa bajeti ndikuvomereza.

Kambuzi:
Musaiwale regulator, chida chopumira mpweya wa m'silinda. Muyezo wa EN 250 umatenga madzi osafika madigiri 10 kukhala ozizira, ndipo ma regulator ena analembedwa kuti ndi a madzi opitirira 10 okha. Mpweya ukamatsika kuchoka pa 200 bar kufika pafupifupi 10 bar mu first stage (chigawo chomangidwa pa silinda) umazizira kwambiri, chitsulo chimatha kutsika pansi pa ziro ngakhale madzi ali pa 8. Madzi olowa m'kati akaundana, valavu imakanirira yotseguka, mpweya n'kumangotuluka osaleka. Ku False Bay sizichitikachitika, koma ku Atlantic tengani first stage yotsekedwa kuti madzi asalowe m'kati. Pewani kudina purge (batani lotulutsa mpweya pa regulator) nthawi yaitali, ndipo mukakhala pansi musapume mwamphamvu uku mukuthira mpweya mu BCD nthawi imodzi. Zikachitika, regulator yotuluka mpweya imapumikabe: musaitseke ndi milomo yonse, pendeketsani mutu, muzimwa mpweyawo pang'onopang'ono, muuze mnzanu, mukwere.

NaBanda:
Tsopano za malo, chifukwa kuno chithunzi chimayamba ndi mphepo. M'chilimwe cha kuno, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, kumawomba mphepo ya kum'mwera chakum'mawa. Imakankha madzi a pamwamba a mbali ya Atlantic kupita kutali ndi gombe, ndiye a pansi, oyera koma ozizira koopsa, amakwera kudzalowa m'malo. Ndiye chifukwa chake tsiku lotentha kwambiri pamtunda ndi limene madzi a ku Oudekraal amaluma. Lowani mphepo ikangoleka, tsiku loyamba kapena lachiwiri. Mukachedwa, dzuwa limameretsa tizomera ting'onoting'ono m'madzi achonde aja, madzi amasanduka obiriwira, simuonanso patali.

M'nyengo yozizira, Meyi mpaka Ogasiti, mphepo ya kumpoto chakumadzulo imayeretsa mbali ya Simon's Town. Apo ndi nthawi ya Windmill Beach, A-Frame ndi Castle Rock. Long Beach ndi yamchenga, yosaya, yotetezeka ku mafunde, ndi pabwino poyesera mtovu ndi zida zatsopano.

Onaninso swell, mafunde ochokera kutali, osati kutalika kwake kokha koma masekondi a pakati pa funde ndi funde. Swell ya masekondi 14 kapena kuposa imafika pansi ndithu, imakukankhani uku ndi uku ngakhale pa mamita 15, n'kuvundula mchenga. Tsiku lotero macro, kujambula tinthu ting'onoting'ono chapafupi, ndi kutaya nthawi.

Malo onsewa ali m'dera la m'nyanja lotetezedwa la Table Mountain National Park, dera lomwe linakhazikitsidwa mu 2004, ndipo kulowamo ndi silinda kumafuna chilolezo. Funsani ku dive shop momwe akuchitengera panopa.

Wakuchembe:
Zamveka. Tibwere ku kamera tsopano, chonde. Ndinaona zithunzi za anthu ena za m'madzi a kuno zili ndi timadontho toyera ponseponse ngati ufa wamwazika. Chimachititsa n'chiyani?

Malume_Strobe:
Ndi backscatter imeneyo, ndipo m'madzi a kuno ndiye mdani wamkulu. Madzi ozizira achonde amadzaza tizinthu toyandama. Kuwala kwa fulashi kukachokera pafupi ndi lens, kumawalitsa tizinthu tonse ta pakati pa kamera ndi nsomba, n'kubwerera molunjika mu lens. Fulashi ya pakamera ndiye imaipitsitsa.

Mankhwala ake oyamba ndi kuyandikira. Madzi a pakati akachepa, tizinthuto timachepanso. Strobe iliyonse, kaya yodula bwanji, mphamvu yake yobwezera mitundu imathera pa mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Chifukwa chake n'chakuti madzi amameza mtundu wofiira pa mtunda wa mamita pafupifupi 5, ndipo kuwala kwa strobe kumayenda ulendo wopita ndi wobwerera. Nsomba ili pa mamita awiri ndi theka, kuwala kwayenda asanu, kufiira kwatha. Nsomba ya Roman, yofiira ndi mzere woyera pamsana, imatuluka yotuwa.

Achiwiri ndi malo a strobe. Pa wide angle, pojambula malo aakulu, tambasulani mikono ya ma strobe kumbali zonse ziwiri, masentimita 40 mpaka 60 kuchokera pa lens, muwabweze kumbuyo kuti nkhope zawo zikhale kumbuyo kwa dome (galasi lozungulira la kutsogolo kwa lens), ndipo aloze kutsogolo kapena kunja pang'ono, osati pa nsombayo. Mukufuna kuti m'mphepete mwa kuwala kwa strobe iliyonse mukakumane pa nsomba, madzi a kutsogolo kwa lens akhale mumdima. Mukayandikira kwambiri, muwabweretse pafupi ndi housing (bokosi losalowa madzi la kamera), apo ayi pakati pa chithunzi pamada. Mukaona mbali imodzi ya chithunzi yawala ngati chifunga, strobe ya mbali imeneyo yapita patsogolo kwambiri.

Pali kamsampha kena. Pansi pa madzi zinthu zimaoneka pafupi ndi kotala kuposa pomwe zili. Mukalozetsa strobe pomwe maso akukuuzani, mwawalitsa madzi a kutsogolo kwa nsomba, ndiye backscatter yeniyeni.

aPhiri_FishHoek:
Manambala oyambira, kamera ili pa manual, RAW.

M'nkhalango ya kelp, zomera zazitali za m'nyanja: f/8, 1/125, ISO 400, strobe pa theka la mphamvu kapena kutsika. Shutter ndi imene imalamula kuwala kwa madzi a kumbuyo, strobe siikhudzidwa nayo bola musapitirire sync speed (malire a liwiro la shutter pogwiritsa ntchito fulashi), yomwe pa makamera ambiri ndi 1/200 kapena 1/250. Ndiye yambani ma strobe ali ozimitsa, jambulani madzi okha, sinthani shutter mpaka mtundu wa madzi ukusangalatseni. Kenako yatsani ma strobe, musinthe mphamvu yawo mpaka chapafupicho chiwale bwino. Mukasintha zonse nthawi imodzi simudziwa chimene chakonza kapena chawononga.

Kelp wamkulu wa kuno ndi Ecklonia maxima. Ali ndi thunthu lalitali la mphako lomwe limayandamitsa masamba pamwamba, ndiye pansi pake pamakhala ngati denga. Tsikani pansi penipeni, mulozetse kamera m'mwamba, dzuwa libisike kuseri kwa masamba kapena thunthu. Apo kwezani shutter ifike 1/200 ndi f/11 kapena kuposa, kuti mizere ya dzuwa ioneke yakuthwa. Mukajambula cholozetsa pansi mumangopeza mwala wakuda.

Macro: f/16 mpaka f/22, 1/200, ISO 100 kapena 200. Lens ya 60 mm ndi yabwino kuno kuposa ya 100 mm, chifukwa imakulolani kuyandikira, madzi a pakati n'kuchepa.

Kambuzi:
Zonsezo n'zoona, koma mnzathuyu wanena kuti ndalama ndi zochepa. Achimwene, pezani Olympus TG-6 kapena OM System TG-7, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Payokha imapirira mamita 15, mu housing yake ya PT-059 imafika 45, ndiye housing ikadontha kamera siifa. Ili ndi microscope mode yojambula chinthu chili pa sentimita imodzi, ndipo imajambula RAW. Ikani strobe imodzi pa mkono, yolumikizidwa ndi chingwe cha fibre optic. Vuto lake ilibe manual yathunthu, shutter simuilamula mwachindunji, koma pa macro sizisowetsa mtendere.

Ndipo macro ndi imene imapulumutsa tsiku kuno. Madzi akakhala oti mukuona mamita atatu okha, wide angle yafa, koma nudibranch, nkhono zija zopanda chigoba, mumazijambula pa masentimita khumi, madzi akuda alibe nazo kanthu. Yotchuka ndi gas flame, Bonisa nakaza, thupi lake lodzaza timinga tofewa ta buluu ndi chikasu. Focus ikhale pa tinyanga tiwiri ta kumutu. Tinyangato tikapanda kuoneka bwino, chithunzi chonse chimaoneka cholakwika ngakhale thupi litakhala lakuthwa.

Wa GoPro adziwe kuti fyuluta yofiira ndi ya madzi a buluu. Madzi obiriwira amafuna ya magenta. Ndipo fyuluta ndi nyali sizigwira ntchito pamodzi, zonse zimafiira.

NaBanda:
Palibe amene wanena za nthunzi, chikhalirecho ndi imene imawononga ma dive ambiri a ojambula atsopano. Mumatseka housing pagombe, dzuwa likuswa mtengo, mpweya wofunda wachinyezi n'kutsekeredwa m'kati. Mukalowa m'madzi a madigiri 11, galasi la kutsogolo limazizira msanga, chinyezi chija chimakhala pagalasipo, makamaka pakati penipeni pomwe lens ikuyang'ana. Kamera nayo ikamatentha, makamaka pa vidiyo, zimaipiraipira. Housing ya pulasitiki imavutika kwambiri. Ya aluminium makoma ake amazizira msanga kuposa galasi, ndiye chinyezi chimakakhala pamakomawo.

Tsekani housing kunyumba, m'chipinda chozizira chouma, kapena m'galimoto air conditioner ikuyaka. Ikanimo timapaketi tiwiri ta silica gel tatsopano, koma muonetsetse kuti kangodya ka paketi sikanapanidwe pa chitseko, chifukwa pamenepo ndiye madzi amalowera. Pagombe kapena m'boti iphimbeni ndi thaulo lonyowa, isaone dzuwa. Musaitsegule pakati pa ma dive ngati batire likadalipo. Nthunzi ikagwira muli pansi, zimitsani kamera mphindi zingapo, nthawi zina imachoka.

O-ring, kamphira kozungulira kotseka madzi pa chitseko: itulutseni ndi kakhadi ka pulasitiki kapena poifinya ndi zala, osati ndi mpeni. Pukutani ngalande yake ndi kansalu kosasiya ulusi. Mafuta a silikoni akhale amene kampani ya housing inanena, chifukwa ena amafufumitsa O-ring. Pakani pang'ono chabe, ingonyezimira. Mafuta satseka madzi, amangothandiza mphira kutsetsereka, ndipo akachuluka amakoka mchenga. Yang'anani pa nyali yowala, tsitsi limodzi lopingasa ndi lokwanira kumiza kamera.

Malume_Strobe:
Ndipo housing zambiri zimadontha pamwamba, osati pansi. Pansi mphamvu ya madzi imakanikiza chitseko pa O-ring. Pamwamba palibe chokanikiza, ndiye funde likamenya dome kapena wina akaponya zida zake mu thanki yotsukira, madzi amalowa. Musadumphe m'boti kamera ili m'manja, wina akupatsireni mutalowa kale. Amene housing yake ili ndi malo a vacuum valve aikepo: mumapopa mpweya kunyumba, nyali ikakhalabe yobiriwira kwa mphindi 20 kapena 30 mwadziwa kuti yatseka.

Polowera pagombe ngati A-Frame, pomwe pali miyala yoterera, dome ikhale ndi chivindikiro chake, mikono ya strobe yopinda, kamera yokoleka pa D-ring ya pachifuwa ndi ma clip awiri kuti manja akhale omasuka.

Mabatire amafooka m'madzi ozizira. Mu strobe ikani ma NiMH ochajidwa usiku wake, monga Eneloop. Ma alkaline amachedwetsa strobe kudzaza, nsomba n'kupita.

Wakuchembe:
Magolovesi nanga? Ndi 5 mm mabatani a kamera yaing'ono angadinike?

Kambuzi:
Movutikira. Ambiri amavala 3 mm ku False Bay, 5 mm ku Atlantic. Ena amavala 5 mm kumanzere, 3 mm kudzanja la shutter. Konzani zonse za mu menyu musanalowe, pansi muzingosintha ziwiri kapena zitatu. Yesererani kunyumba mutavala magolovesiwo. Zala zikayamba kulephera kutsegula clip, dive yatha, chifukwa zala zomwezo ndi zimene zimafunika kumasula lamba wa mtovu.

aPhiri_FishHoek:
Tiwerengerenso mpweya. Silinda ya malita 12 pa 200 bar ndi malita 2400. Kusiya 50 bar, otsala ogwiritsa ntchito ndi 1800. Munthu wopuma malita 20 pa mphindi pamwamba, pa mamita 15 amapuma 50, ndiye ali ndi mphindi 36. Akazizidwa mpaka kufika 25 pa mphindi, zatsika kufika 29. Wojambula maso amakhala pa sikirini, geji amaiiwala. Dziikireni lamulo: chinthu chimodzi mukamaliza kujambula, geji, mnzanu, kenako chinthu china.

Kuzizira kumakhudzanso nitrogen. Kumayambiriro thupi lili lofunda, magazi akuyenda bwino, limamwa nitrogen yambiri. Kumapeto lazizira, mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo yafinyika, limaitulutsa mochedwa. Ndiye chifukwa chake matebulo a nthawi yokhala pansi a PADI, bungwe lophunzitsa osambira, amati pa madzi ozizira muwerengere ngati mwatsika mamita 4 kuposa pomwe mwafika. Pa zombo zomizidwa za ku Smitswinkel Bay, monga SAS Good Hope ndi SAS Transvaal, zomwe zili cha pa mamita 30 kupita pansi, dive ya mamita 30 imene tebulo limapereka mphindi 20 imagwera pa mzere wa 35, mphindi 14 basi. Koma kumeneko si kwa Open Water, malire anu pakadali pano ndi 18. Kompyuta yanu ya dive ikhale pa conservative, yochepetsa nthawi ya pansi, safety stop ya mphindi zitatu pa mamita 5 musaidumphe ngakhale mukunjenjemera, ndipo mukatuluka musathamangire shawa yotentha. Valani zouma, chipewa, imwani tiyi. Ngati pali ulendo wa pandege wopita kumudzi, dikirani maola osachepera 12 pambuyo pa dive imodzi, 18 ngati munalowa kangapo.

NaBanda:
Za kelp ndi surge (kukankha kwa madzi uku ndi uku) pang'ono. Musalimbane ndi madzi akamakubwezani m'mbuyo, ingodikirani, akubweretsani pomwe munali. Pamakhala kamphindi kamene madzi amaima asanatembenuke, dinani shutter pamenepo. Mukakodwa, musazungulire, mumangodzikulunga. Bwererani m'mbuyo pang'ono, muchotse thunthu ndi dzanja, nthawi zambiri limakola pa valavu ya silinda kapena pa mkono wa strobe. Pamwamba musayese kusambira pa masamba, tsikani mita imodzi kapena awiri mudutse pansi pake ndi kampasi, ndiye siyani mpweya wokwanira ntchito imeneyo.

Poika bondo yang'anani kaye, miyala ya kuno yadzaza ma urchin, tinyama tozungulira taminga, minga yake imaboola suti.

Malume_Strobe:
Zinyama zake. Puffadder shyshark ndi kashaki kakang'ono kamene kakaopsezedwa kamadzipinda n'kuphimba maso ndi mchira. Chithunzi cha kashaki kodzipinda chimangosonyeza kuti wina anakagwira, musachite zimenezo. Khalani pansi, kamera patsogolo, kamabwera kokha. Pyjama shark, ya mizere yakuda m'litali mwa thupi, masana imagona m'mapanga, nyali yaing'ono ya focus imathandiza. Mimba za nsombazi ndi zoyera, strobe ikakhala pansi zimapsa pachithunzi, ikwezeni pamwamba pang'ono. Ku Castle Rock kuwedza n'koletsedwa, ma Roman a kumeneko saopa munthu, amafika mpaka pa dome kudzadziyang'ana.

Ma shaki a sevengill amene ankapezeka kawirikawiri ku Miller's Point anachepa kuyambira cha m'ma 2015, pamene anamgumi awiri a mtundu wa orca otchedwa Port ndi Starboard anayamba kuwasaka. Musapite ndi chiyembekezo chachikulu.

Ma seal amafuna shutter ya 1/250 ndi strobe yotsika mphamvu kuti idzaze msanga. Koma mu 2024 zinatsimikizika kuti ena mwa ma seal a m'mbali mwa Cape ali ndi chiwewe. Seal yochita zachilendo italikireni, ndipo ikakulumani kapena kukukalani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Wakuchembe:
Ndiye ndiyambe ndi semi-dry, ma dive angapo ku Long Beach popanda kamera mpaka mtovu ukhale bwino, kenako TG ndi strobe imodzi. Strobe imodziyo ndiziyiika mbali iti?

Kambuzi:
Pamwamba pa lens, chakumanzere pang'ono, yoweramira kutsogolo, kuti mthunzi ugwere pansi ndi kumbuyo kwa chinthucho. Dzanja lamanzere ndi limene lizisuntha strobe, lamanja lisachoke pa shutter. Mkono ukhale wa zigawo ziwiri za masentimita 20 chilichonse ndi ma clamp atatu, omangidwa moti musunthe ndi dzanja limodzi koma osagwa okha. Ikaninso diffuser, kachivindikiro kofewetsa kuwala kwa strobe. Mukafika kunyumba, viikani zonse m'madzi abwino ofunda pang'ono kwa mphindi 20 housing ili chitsekere, mudine batani lililonse kangapo kuti mchere utuluke, muumitse, kenako mutsegule chitseko chitayang'ana pansi kuti dontho lisagwere pa kamera.